Telala wanga sakhazikika pamakina

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 52, ndili ndi shopu yosoka zovala pa Manjawira. Matelala ndili nawo atatu, ndipo mmodzi ndi Yankho, mayi wa ana awiri, yemwe ndi mwana wa mchemwali wanga. Dzanja lake ndi labwino, zimenezo sindingakane. Vuto ndi miyendo. Sitayilo ikangomuvuta amadzuka, nsalu n'kuisiya patebulo, uyo wapita. Mukamupeza kumsika akuyang'ana anthu otsika minibasi, kapena ali chiimire pansi pa mtengo ngati akudikira munthu.

Mu Ogasiti kunabwera mkwatibwi wa ku Biriwiri ndi nsalu yoperewera, ukwati utatsala masiku anayi. Yankho anaitembenuzatembenuza nsalu ija m'mawa wonse, kenako anatuluka. Ine mtima unali m'mwamba. Patatha ola anabwera atanyamula kabichi, n'kuyamba kumusenda tsamba limodzilimodzi patebulo langa lodulirapo nsalu. Ndinati, "Kodi iwe, tatsegula lesitilanti muno?" Iye anangoti, "Amalume, taonani mmene masambawa asanjikizirana." Anatola tizidutswa totsala, n'kutisanjikiza chimodzimodzi kumunsi kwa diresi. Ukwati utatha, azimayi atatu anabwera kudzafuna yangati yomweyo.

Komabe ine sizinandikhalire bwino. Malemu bambo anga anagwira ntchito m'migodi ku Joni, ndipo ankati wantchito sachoka pamalo belu lisanalire. Ndiye ndinaika lamulo lakuti kuchoka pamakina ndi nthawi ya nkhomaliro basi. Patha miyezi iwiri tsopano. Yankho amakhala phee pampando, koma akusoka zomwe telala aliyense amasoka, ndipo kuseka anasiya. Dzana anandiuza kuti, "Mutu wanga wauma amalume, mwina ndingosiya."

Zikundiwawa, aphungu. Akachoka ameneyu shopu yagwa, nanga mchemwali wanga ndikamuuza chiyani? Komanso ndikabweza lamuloli, anzake awiri aja sadzanditenga ngati bwana wofooka?

R.K., Manjawira, Ntcheu

Bambo R.K.,

Mwachita bwino kulemba, paja safunsa adadya phula. Koma ndinene mosapsatira: mwamangirira mbuzi pachingwe chachifupi, ndiye mukudabwa kuti yawonda.

Bambo anu sankanama, kungoti iwo ankaswa miyala, ndipo mwala sufuna sitayilo. Yankho amagwira ntchito ziwiri, ya manja ndi ya mutu. Ya manja imachitikira pamakinapo. Ya mutuyo siifuna kuimiriridwa ndi bwana, imabwera munthu akamayenda, maso akuona zina. Kabichi uja mukanamudikira mpaka liti kuti alowe yekha mushopu?

Mawa m'mawa muitanireni pambali, mumuuze kuti munalakwitsa. Mawu amenewo sanaphepo malume wina aliyense. Mugwirizane kuti zikamuvuta azitsanzika n'kupita kokawongola miyendo, theka la ola kaya ola, bola chovala chizituluka tsiku lomwe munalonjeza kasitomala. Inu muziyang'ana chimene chasokedwa, osati maola amene munthu wakhala pampando.

Za anzake awiriwo musade nkhawa. Apatseninso mwayi womwewo, nsanje ithera pomwepo. Amene azingobwerako ndi nkhani za kumsika popanda nzeru yatsopano, mumudziwa pasanathe mwezi, ndipo ameneyo ndiye woyenera lamulo lanu lija. Nanunso tsiku lina mudzatuluke, mukayende pang'ono. Shopu siithawa.

Langa chenjezo ndi lakuti musazengereze. Munthu akafika ponena kuti mwina angosiya, ndiye kuti mumtima wayamba kale kulongedza. Mukadikira kuti mtima wake utsike wokha, mudzamuona atabwereka makina, akusoka pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi yanu, ndipo makasitomala anu azidzakupatsani moni mwaulemu akupita kwa iye.

Aphungu