Musandidule pa Ukwati wa Luleka

Khayelitsha,
Novembala

Achemwali anga a Nokwakha,

Landirani moni, ngakhale ndikudziwa kuti moni wanga masiku ano watsika mtengo kuposa kabichi wofota. Muli bwanji kumudziko? Bondo lija likukulolani kupita kutchalitchi? Nanga alamu anga, akadanamizirabe nkhosa kuti ndi zimene zimawachedwetsa kumowa? Mvula yayamba?

Ine kuno ndilipo. Ndaonda moti lamba akundizungulira kawiri, ndipo mphepo ya kunyanja ikawomba ndimagwira mtengo wa magetsi kuopa kukatera kwathu ku Dutywa musanandiitane.

Foni yanga simukuyankha. Ndiye ndapatsira kalatayi dalaivala wa basi, chifukwa kalata ilibe batani lofiira. Mukafuna kuyatsira moto, yambani mwawerenga.

Nkhani yake ndi ya mwana wanga Luleka. Inu mwamva mbali yake. Ndikufuna mumvenso yanga, ngakhale ndikuchenjezeni kuti yanga si yabwinopo.

Mukudziwa kuti mu Khayelitsha monse mulibe wojambula maukwati ndi maliro woposa mlongo wanuyu. Anthu ena amachedwetsa kufa kudikira kuti ndipeze mpata. Koma chimene ndinatchuka nacho kwambiri ndi kudula. Banja likatha, mayi amabwera ndi vidiyo ya ukwati wake nkunena kuti, Bhuti Zolile, achimwene anga, ndichotsereni chitsiru ichi koma diresi langa likhale. Ine ndimakhala pa kompyuta, ndipo pofika madzulo mayiyo akuvina yekha, akudula keke yekha, mwamuna palibe ngakhale chithunzi chake cha padzuwa. Ndadula amuna ochuluka kuposa nkhondo.

Kutsogolo kwa kontena yanga yogwiriramo ntchito kuli ma TV aja amene ana amasewerapo magemu. Tsiku lina Loweruka, malo atadzaza, panabwera mayi wina dzina lake Thimna, kamera ili paphewa. Anati akupanga filimu ya zimene anthu wamba amaganiza, ndipo anthu amulozera kwa ine kuti pakamwa panga sipatseka. Ndinavala chipewa changa choyera, ndinamuuzanso poimika kamera yake chifukwa anaiyang'anitsa kudzuwa. Ndinaima chofulatira khomo.

Anandifunsa za magemu, ngati akuwononga ana. Ndinati awononge chiyani, magemu ndiye sukulu yeniyeni. Mu gemu mwana akafa amadzuka pompo nkuyambiranso, pamene kusukulu ine ndinalakwa masamu kamodzi basi, anandibwereza chaka chonse. Ana anakuwa.

Anandifunsa za mafilimu. Ndinati opanga mafilimu a masiku ano ndi akhungu okhala ndi makamera odula. Amangojambula pakamwa pa wolankhula, pomwe filimu yeniyeni ili kumbuyo kwa phewa lake. Kumeneko ndi kumene apongozi akupinda mlomo, kumene amalume akulowetsa nyama m'thumba la jekete. Ndinati mwana wanga, ukafuna choona, uziyang'ana kumbuyo kwa munthu. Mawu amenewa muwasunge, achemwali.

Kenaka anafunsa za maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, kuti popeza boma linavomereza kalekale, ine ndimaziona bwanji.

Kunena zoona ndinali ndisanaziganizirepo n'kamodzi komwe. Koma anthu anali atandizungulira, akudikira kuseka, ndipo mukundidziwa. Ndinati akazi awiri akakwatirana, ng'ombe za malowolo zilowera kuti? Zingoima pakati pa msewu kudikira maloboti. Malo onse anagwa ndi phwete. Wogulitsa nyama yowotcha pafupi nane anachita kukhala pansi.

Thimna sanaseke. Anati nanga atakhala mwana wanu, Tata?

Ndinati wanga? Ameneyo ndiye ntchito ya mphindi zochepa. Ndikhoza kumudula pa zithunzi zonse za banja, ngakhale chija cha pa manda a mayi ake, simungadziwe kuti panaima munthu. Ndinachita kuonetsa ndi zala ngati sizasi. Anthu anasekanso, ndipo ine ndinagula nyama kusangalala kuti ndalankhula bwino.

Mawa lake linali Lamulungu. Chimwalirireni mayi ake, Lamulungu lililonse Luleka ankabwera kunyumba ndi mnzake Zimkhitha, amene amakhala naye ku Mowbray. Ndinkaphika chimanga chokonola ndi nyemba, tikadya tinkakhala pa gemu ya mpira mpaka dzuwa kupendeka. Luleka ali ndi padi yake yofiira yosewerera gemu, yoyamba kuigwira asanayambe sukulu. Zimkhitha ndiye mdani wanga. Mtsikana wa magetsi uja wa ovolosi amandimwetsa zigoli mopanda ulemu, nkumati, Tata, goloboyi wanuyu mwamulipira mwezi uno? Ine ndinkati usiye zimenezo iwe, padi yanga yagwidwa ndi chinyezi. Ndinamupatsa dzina loti Zigoli. Ndinkamuuza kuti tsiku limene adzakwatiwe ndidzajambula ulere, ndipo mwamunayo ndidzamudula lisanathe tsiku.

Zaka zonsezi ndinkati atsikanawa akugawana lendi. Inu munkadziwa. Wowotcha nyama ankadziwa. Ndikhulupirira kuti ngakhale galu wa aneba ankadziwa. Katswiri woona kumbuyo kwa anthu ndiye anali yekha mumdima.

Lamulungu limenelo sanabwere. Nyemba ndinadya ndekha mpaka Lachitatu. Foni yake ikungolira osayankhidwa. Ndinkayatsa gemu, dzina la Luleka likuwala kusonyeza kuti ali pa intaneti, ndikamuitana kuti tisewere, zii. Kenaka dzinalo linasowa.

Patapita masiku ndinapeza chithunzi pansi pa chitseko. Ndi chija tinajambulitsa tsiku lovundukula chiliza cha mayi ake, inu kumanja, ine kumanzere, iye pakati. Pakatipo panali bowo. Anadzidula ndi sizasi, mosamala, osakhudza ngakhale dzanja langa limene linali paphewa lake. Dzanjalo latsala lili m'malere. Kumbuyo analemba kuti, ndakuchepetserani ntchito, Tata.

Ndinathamangira kwa Thimna mokwiya. Ndinati mwaonetsa mwana wanga filimu yanu, ndipo ndikudziwa mwadula mawu anga abwino, chifukwa mumtima ndinali wotsimikiza kuti pambuyo pa nthabwala ija ndinanena kanthu kena kokoma. Iye anati, Tata, filimuyo sinatuluke, palibe waionapo ndi mmodzi yemwe. Khalani pansi muone zonse, zosadula.

Ndinaona. Mawu okoma munalibe. Munali ine ndi chipewa changa, mano onse panja.

Ndiye mwa chizolowezi cha ntchito, maso anga anapita kumbuyo kwa phewa langa.

Pakhomo pa kontena panaima Luleka, atanyamula botolo la burande, lija amapita nalo anthu kwa bambo wa nyumba akakhala ndi nkhani yaikulu. Pambali pake panali Zimkhitha. Achemwali, Zigoli anavala siketi yaitali ndi duku. Chibadwire sindinamuonepo chonchija. Anali akukonzakonza dukulo, chifukwa sadziwa kumanga. Pa nkhani ya magemu onse awiri akuseka. Pa ng'ombe za pa maloboti Luleka anangopukusa mutu, ngati akuti bambo angawa. Akanatha kupirira imeneyo. Koma nditakweza zala zanga zija, nkhope yake inangozima ngati magetsi athima. Sanalire. Anayang'ana botolo lija, nkutembenuka. Zimkhitha anatsala pang'ono akundiyang'ana kumsana, kenaka anavula duku, nkulipinda bwinobwino, nkumutsatira.

Anabwera kudzandiuza za ukwati wawo tsiku limenelo. Anavalira ine.

Thimna anandimvera chisoni. Anati akhoza kudula gawo limenelo kuti dziko lisaone. Ndinati mwana wanga, kudula ndi ntchito yanga, ndikuidziwa pamene imathera. Dziko lione kapena lisaone, amene ndimamufuna anaonera pakhomo, popanda sikirini.

Ndinapita ku Mowbray. Luleka sanatsike. Anatsika Zimkhitha, ali mu ovolosi yake, ndipo anandipatsa moni kuti, muli bwanji Bambo Ndamase. Munthu amene wakhala akunditcha Tata pakamwa pali nyemba zanga! Ndinayesa nthabwala, ndinati Zigoli, ndabwera kudzapempha gemu yobwereza. Sanamwetulire. Anati nthabwala zanu ine ndinazizolowera, ndipo zoipa kuposa zimenezo timazimva m'minibasi tsiku lililonse. Koma inu munatchula chithunzi cha pa manda. Chithunzi chimenecho Luleka ankagona nacho pafupi ndi bedi. Anati usiku wonse wa Lachisanu Luleka ankandiuza kuti usaope, Tata ndi waphokoso chabe, mtima wake ndimaudziwa ndine. Ndiye munamuchititsa manyazi pamaso panga, chifukwa anakuikirani umboni.

Ndinabwerera kunyumba popanda nthabwala ina. Ine, Zolile. Lembani tsikulo pa khoma.

Tsopano ndamva kwa dalaivala yemweyu kuti ku ofesi ya boma anasaina kale, ndipo mwambo uchitikira kumudzi kwathu mu Disembala. Akuti inu ndi amene mwavomera kumulandira Zimkhitha ndi kumupatsa dzina la pabanja. Akuti mbuzi yagulidwa, ndipo pa khola, pouza makolo athu kuti m'nyumba mwalowa munthu watsopano, wolankhula adzakhala alamu anga. Alamu anga, amene pa ukwati wawo womwe anaiwala dzina lanu! Akutinso alemba ganyu wojambula wa ku East London. Ntchito zake ndinazionapo. Amadula anthu mitu.

Mwachita bwino kuwalandira, achemwali. Inu amene simuphonya tchalitchi mwatsegula chitseko, ine wa magemu ndi nthabwala ndi amene ndatseka.

Sindikunamizani kuti zonse ndikuzimvetsa. Mutu wangawu munaudziwa kale kusukulu. Mpaka lero sindidziwa ng'ombe zilowera kuti. Koma ndagona ndi funsoli masabata onsewa ndipo ndapeza kuti sindisamala, ziime pa maloboti mpaka zikalambe. Chimene ndikudziwa ndi chakuti Luleka atadwala chibayo chaka chatha, amene anagona pa benchi ya kuchipatala ndi Zimkhitha, ine ndili kojambula ukwati wa anthu osawadziwa. Amuna onse amene ndinawadula aja, palibe ndi mmodzi yemwe akanagona pa benchi imeneyo.

Chithunzi chija ndayesa kuchikonza. Ndili ndi makina onse, ndikhoza kuika munthu pambali pa mfumu ya dziko lililonse. Koma nkhope ya Luleka ya tsiku limenelo ndilibe, chinali chithunzi chimodzi chokha. Ndinayesa kuikapo ya tsiku lina, ikuoneka kuti ndi yomata. Kuchotsa munthu ndi ntchito ya mphindi zochepa, monga ndinanenera. Kumubwezera sindinaphunzire. Ndachipachika pakhoma choncho, ndipo pa bowopo pamaoneka lata.

Ana a magemu akuti Bhuti Zolile wakalamba, akugonja ngakhale kwa ana a mkaka. Ndimangogwira padi, osewera anga akungoyendayenda m'bwalo ngati nkhuku zonyowa.

Pempho langa ndi ili. Luleka amakumverani, ndinu azakhali ake, ndinu amene munamusambitsa pa mwambo wa maliro a mayi ake. Mukhale naye pansi. Musamuuze kuti ndinkangocheza, zimenezo akuzidziwa ndipo ndi zimene zikumupweteka. Mumuuze kuti ndinaona duku lija. Mumuuze kuti ndikupempha kuima pa khola la bambo athu ndi kutchula dzina la Zimkhitha kwa makolo ndi pakamwa pangapa, pomwe panalakwa. Ndidzanena mawu ochepa. Mukhoza kuima pambali panga ndi chikuni.

Akakana zimenezo, mupempheni ndibwere ngati wojambula chabe. Wojambula salankhula, sadya ndi alendo, saoneka mu filimu.

Akakananso, sindimuimba mlandu. Ndikuona ngati akana, chifukwa mtima wouma anatengera inu. Ukwati ndi wake, ndipo sindidzalowa pamene sandifuna. Koma basi ndikwera ndithu. Ndidzaima kunja kwa geti, tsidya la msewu, pa mtengo waminga uja tinkamangirira bulu. Sindidzakuwa, sindidzaimba, chipewa choyera ndidzachisiya kuno.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze ayambe lero kuloweza mayina. Moni kwa ana onse ndi kwa amayi a kutchalitchi. Kwa Zimkhitha munene kuti duku amamanga mfundo kumbuyo, osati pakhutu, ndipo mumuphunzitse ndinu. Kwa Luleka munene kuti padi yofiira ili m'kabati, sindinabwereke mwana aliyense. Mulungu akusungeni, akupatseni mvula ndi bondo lolimba lovinira.

Chomaliza, mukalankhule ndi mnyamata wa ku East London uja. Asayang'anitse kamera kudzuwa. Ndipo akamajambula akwatiwo akutuluka m'nyumba, atsegule chithunzi chifike mpaka kumsewu. Akadzakhala pa kompyuta yake nkuona munthu woonda ataima patali kumbuyo kwa phewa la Luleka, adzafuna kumuchotsa kuti akuipitsa chithunzi. Ndikudziwa, inenso ndikanatero. Mumuuze amusiye.

Ndine mlongo wanu,
Zolile