Foni ya Lendi Yabwera ndi Mwini Wake

Torben,

Pepa, sindinakudzutse. Ndathamangira ku sitolo ya mafoni m'tauni. Ndatenga njinga yako, yanga yaphwa tayala.

Paja unkandiseka kuti kugula foni n'kupusa, yabwino ndi ya lendi: ikatopa umangoibweza, n'kukupatsa ina. Ndinakumvera. Yanga ija inafika dzulo. Akuti inagwirapo ntchito kwa munthu wina, koma anafufutamo zonse.

Torben, pakona pake pali kachipsera kaja ka tsiku limene amayi ako anaiwala foni yawo pachitofu. Ndi yomwe ija tinaibweza mu envelopu mwezi wa Malichi, titangowaika m'manda. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mafoni amafanana.

Koma m'mawa uno, 7 koloko ndendende, ndikudula buledi, yalira yokha. Ine sindinatchere alamu. Pagalasi panalembedwa kuti, "Kumbutsa Torben mapiritsi a mtima." Ndaizimitsa n'kuitsekera m'kabati, yaliranso momwemo.

Ndikukaibweza. Ndigula yangayanga, yatsopano, ya m'bokosi lomata, ngakhale andimange ndi kontirakiti ya zaka ziwiri. Usayambe zako zija zakuti ndi yodula.

Khofi ali m'fulasiki. Ukamva china chikulira m'nyumbamo usayankhe, foniyo ili m'thumba mwanga muno.

Komanso ndatsegula kabokosi kako kaja. Mapiritsi a dzulo ndi a dzana akadali momwemo, iwe unkandiuza kuti wamwa. Umwe lero, chonde. Si ine ndikukuuza.

Solvej