Chigongono chachitsulo ndi mdzukulu wonenepa

Aphungu,

Ndili ndi chimwemwe chachikulu, koma mtima suli m'malo. Mwana wathu Domingas, amene anasowa nkhondo itabalalitsa mudzi wathu mu 1987, watulukira wamoyo kuchokera ku Furancungo, khanda lili kumsana. Ife tinali titalira kale maliro ake.

Nkhawa yanga ili pa akazi anga, a Genoveva. Pothawa tsiku lomwelo anagwera m'chigwembe, chigongono cha kumanja n'kuphwanyika. Atavutika zaka, madokotala achilendo pachipatala cha mishoni kutsidya kwa malire anawaika chachitsulo. Tsopano amadya okha, duku amamanga okha. Koma adokotala anati, "Mayi, dzanja ili lisanyamule chopitirira makilo awiri, chitsulo chingagwedere m'fupa."

Mawu amenewo ine ndinawasunga. Poto, dzungu, nkhuku, ndimayamba ndayeza pa balansa yanga yogulitsira mbatata. Mdzukuluyo ndinamuyezanso: makilo asanu ndi imodzi! Ndiye ndawaletsa kumunyamula. Iwo akuti, "Bambo a Domingas, mwana wanga ndinamulira, wakeyu ndizingomuonera patali ngati wa eni?" Dzulo sanadye. Nditani?

N. L., Ntengo-Wambalame

Bambo N. L.,

Choyamba, tsitsani mwanayo pa balansa, si thumba la mbatata! Ndakondwera nanu. Masiku ano makalata a anthu obwerera amoyo ndi osowa.

Adokotala sananame. Chitsulocho chinalowa m'fupa ngati khasu mumpini. Kupinda ndi kutambasula sichidandaula. Chimene chimachigwedeza ndi kukweza zolemera ndi kugunda mobwerezabwereza, ndipo chikagwedera, kuchikonzanso n'kovuta kuposa poyamba.

Koma adokotalawo analetsa kunyamula, osati kufungatira. A Genoveva akhale pamphasa, Domingas amuike mwanayo pamiyendo pawo, mutu utsamire mkono wa kumanzere. Dzanja lachitsulolo lizimusisita. Akafuna kumubereka kumsana, wina amukweze ndi kumanga nsalu, pomutsitsanso akhale wina. Msana wawo ulibe chitsulo.

Musi, khasu ndi ndowa, zimenezo apitirize kuzitalikira. Muchenjere kwambiri mwanayo akayamba kukwawa, chifukwa agogo akaona mdzukulu akulunjika kumoto sakumbukira za makilo. Chigongono chikatupa, chikatentha kapena chikayamba kuwawa, pitani kuchipatala msanga, ngakhale njira ndi yovuta.

Lero lomwe muwaikire mdzukulu pamiyendo ndi chakudya pambali. Chakudyacho chizizira, koma adya.