Maso a Bambo ndi Mwezi wa Idi

Okondedwa achemwali,

Salamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko ndi alamu anga aulesi aja? Ife kuno tili bwino, kungoti mimba ikudabwabe kuona chakudya dzuwa lili pamutu.

Munafunsa ngati bambo ndiwo anaonanso mwezi wa Idi chaka chino. Khalani pansi, nkhaniyi ili ndi mchira.

Tsiku la 29 la Ramadhani, dzuwa litangolowa, tinakwera pamwamba pa mzikiti monga mwa nthawi zonse. Anthu pansi anali khosi gwa, kudikira mawu a bambo, kuti adziwe ngati mawa tidya kapena tifunganso. Ine ndinauona mwezi, wowonda ngati chikhadabo chowenga. Koma bambo anali kuloza molimba mtima nyali ya pa mlongoti wa mafoni!

Ndinawagwira chigongono n'kusunthira chala chawo pamalo pake. Pano ndiulule, achemwali: ndakhala ndikuchita zimenezi zaka zitatu. Ng'ala yawagwira maso onse awiri, ndipo ine ndimaopa kuti munthu amene anthu amukhulupirira zaka makumi atatu asanduka choseketsa.

Ulendo uno ashehe ndi atsopano, sadziwa za ulemu wa kale. Anawafunsa bambo pamaso pa onse ngati auonadi ndi maso awo, poti mboni ya mwezi siyendera mphekesera.

Bambo anaseka. Anati iwo aona chigongono chawo chikukankhidwa basi, ashehe afunse mwini maso. Anawonjeza kuti akhala akudziwa kuyambira chaka choyamba, ankangofuna aone ngati ndidzaphonye. Ndinachitira umboni ine, atelala a pakona n'kuvomereza kuti nawonso auona. Anthu anakuwa ndi chimwemwe, ine misozi chuchuchu, manyazi ndi chisangalalo pamodzi.

Tsono pempho langa ndi ili. Adokotala akuti ng'alayo imachotsedwa, koma bambo akuopa mpeni, ndipo ine samandimvera. Bwerani mudzawagwire dzanja, inu sakukanirani. Dzulo anandiuza kuti za mwezi alibe nazonso nkhawa, koma mwana wanu wakhandayo sakufuna kuti wina adzawalozere.

Mulungu akusungeni nonse. Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti kufunga kwatha, chifukwa chogonera masana chathanso.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira