Dinnah wa ku Sinda watisiya

Kitwe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga a Jonasi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Katete. Nanga mwendo wa amayi ukupeza bwanji? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mukukumbukira Dinnah, mtsikana wa ku Sinda amene ndimaphunzitsa kuno kuyunivesite? Watisiya sabata yatha. Anangodandaula mutu, anzake n'kuthamangira naye kuchipatala, osabwerakonso. Madokotala akuti anali matenda oumitsa khosi.

Chaka chino ndikuphunzitsa kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta komwe chinthu chilichonse, kaya mlimi kaya ng'ombe, chimaima pachokha ndi mbiri yake ndi ntchito zake. Ambiri zimawazunguza mutu. Dinnah anazigwira msanga, ndipo ankatsalira kufotokozera anzake, Chizungu akusakaniza ndi Chinyanja chathu. Ndikamumva ndinkaiwala kuti ndili kutali.

Gulu lake linkapanga pulogalamu yokumbutsa alimi tsiku lopopera ng'ombe mankhwala a nkhupakupa. Anandiuza kuti khola la bambo ake linatha ndi matenda a nkhupakupa iye ali wamng'ono. Dzulo anzake anabwera kudzaionetsa. Zonse zinayenda bwino mpaka anafika pagawo limene analemba iye. Fabiano, amene amalankhulira gululo, analekeza pomwepo n'kukhala pansi. Ndinawauza kuti apite, tidzamaliza tsiku lina. Nditatsala ndekha ndinawerenga gawolo mzere ndi mzere. Sindinapezemo chokonza.

Kumaliro sindinapite. Mayeso ayamba, ndipo akuluakulu anandikaniza kuchoka.

Pempho langa ndi limodzi, alongo. Loweruka kwerani minibasi mupite ku Sinda, mukafunse kwa a Ezekieli Mbewe, bambo ake a Dinnah, kuseri kwa tchalitchi cha Reformed. Za pafoni sindikufuna. Mukakhale nawo pamphasa m'malo mwanga. Mukawauze kuti mwana wawo ntchito yake anaimaliza, ndipo anzake aika dzina lake patsogolo pa awo. Mayi ake akafunsa ngati anali yekha, mukawauze zoona, kuti anzake anamugwira dzanja mpaka kumapeto.

Amayi athu musawauze zonse, angayambe kudera nkhawa za ine. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa alamu, kwa azakhali a ku Vubwi, ndi kwa mwana wanu Pemphero. Ameneyo mumukumbatire kwambiri, ngakhale akane kuti wakula.

Ine mlongo wanu,
Monica