Valavu ya Sipuling'i ndi Ntchito ya Fanuel

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Nandolo munadzala kuseri kwa nyumba uja waphukiranso, wabereka mpaka odutsa akumatipempha. Mkazi wa mlongo wanga Fanuel anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, kulongolola kokha ndiko tikudikira.

Koma yandikhazika pansi ndi nkhani ya Fanuel yemweyo. Paja amagwira pa dilaya, makina oumitsira tiyi kufakitale. Kawiri konse magetsi atazima, tiyi yense amene anali m'katimo anapserera. Bwana anamupatsa kalata yoti zikachitika kachitatu, ntchito yatha. Khanda la masabata awiri lili m'nyumba, Amayi! Ndinasowa mtendere pokumbukira mawu anu kuchipatala ku Boma: "Esinati, mlongo wakoyu ndi wofatsa mopusa, uzimuyankhulira."

Anthu ankati amagona pantchito. Iye analumbira kuti anathamangira kukatseka chitseko cha mpweya wotentha, koma chinakana ngati pali wochigwira. Ndinamukhulupirira, poti Fanuel akafuna kunama amachita chibwibwi, ndipo apa sanachite.

Ndiye mundilole ndikuphunzitseni, inu amene munkati ndinapita kukoleji kukaphunzira kudetsa zovala. Chitsekocho chimakankhidwa ndi mpweya wochokera ku kompuresa, makina opopera mpweya m'thanki. Chowongolera mpweyawo ndi valavu, kachitsulo kosaposa chibakera changa. Ili ndi koyilo, waya wokulungakulunga. Magetsi akalowamo, koyiloyo imasanduka maginito, imakoka kandodo kachitsulo m'kati, njira ya mpweya imatseguka, chitseko n'kuyenda.

Poti ndine makaniko pafakitale pomwepo, ndinamasula valavu ya padilayayo n'kupeza kuti inali ya makoyilo awiri. Yoteroyo magetsi akazima imangokhala momwe munaisiyira. Tiyi waima m'dilaya, kutentha kukulowabe, mpweya wotsala m'thanki wagwira chitseko chili chotsegula. Ngakhale amuna atatu sakanachitseka. Valavuyo si yoipa ayi, ndi yabwino pa makina ofunika kuti asataye chomwe agwira. Koma pamoto pamafunika ya koyilo imodzi ndi sipuling'i, yoti magetsi akachoka sipuling'iyo ibweze kandodo kaja, mpweya utseke chitseko.

A Namaona, mkulu wa amakaniko amene anaika yakaleyo, sanakondwe. Anati, "Valavu ndi valavu, mwana iwe. Ntchito ino ndinayamba usanabadwe." Ndinawayankha mwaulemu, ngakhale lilime linkandiyabwa ngati lanu. Ndinawauza zomwe munkanena m'munda wa tiyi, kuti wothyola weniweni umamudziwa kapitawo akapotoloka. Valavu nayo, ndinatero, tiziiweruza magetsi akachoka.

Valavu ya sipuling'iyo ndinaipeza m'sitolo ya fakitale, ndinaonetsetsa kuti koyilo yake ikugwirizana ndi magetsi athu, mapaipi nawo akukwana, n'kuimanga. Kenako ndinapempha bwana chinthu chamisala: azimitse magetsi dala, tiyi ali m'dilaya. Akapserera, ine ndi Fanuel tichokere limodzi.

Lachinayi m'mawa anthu anadzaza, ngakhale azimayi osankha tiyi anasiya ntchito kudzaonerera. Bwana anagwetsa swichi, fakitale yonse zii. Kenako valavu inangoti fwii, chitseko chija gu, chokha, popanda wochikhudza. Magetsi atayakanso tiyi anatuluka wakuda bwino, ndi fungo lija munkati limakuchotsani kutopa. Fanuel anakhala pansi pa simenti n'kulira poyera, bambo wa mwana. A Namaona anavula chipewa, anakanda mutu, n'kunena kuti, "Mwana wa a Felesiya uyu, makani ndi a amake." Kalata ija bwana anaing'amba tonse tikuona.

Sindibisa, Amayi, ndinanyada mpaka kayendedwe kanasintha. Zaka zonse munabereka dengu la tiyi kumsana, simunalowepo m'fakitale muja. Lero makina akavuta, amuna andevu amafunsa kuti Esinati ali kuti. Chondipweteka n'chakuti poweruka ndinathamangira kunyumba kuti ndikakuuzeni, n'kupeza mpando wanu uli wokha pakhonde.

Mwezi wamawa tibwera ndi Fanuel kudzalambula pamene munagonapo. Inu munapotoloka chaka chatha, koma musadandaule. Ndikadali pamzere wanga, ndipo mlongo wanga ndizimuyankhulirabe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati