Mabatani Awiri a Kiyibodi

Bambo,

Ndapita kuchipatala kukayezetsa magazi, ndibwera masana. Musanayatse kompyuta, werengani kaye.

Pasiwedi yomwe seva, kompyuta ya pa intaneti yosungira ntchito yanu, imakukanirani dzulo ija ili bwinobwino, palibe anakusinthirani. Wolakwa ndine. Lachiwiri ndinazula mabatani a kiyibodi kuti ndichotse nyenyeswa za buledi wanu, ndiye pobwezera ndinasinthanitsa M ndi N. Ndazindikira m'mawa uno popukuta tebulo. Inu mumalemba ndi chala chimodzi, maso ali pa mabatani, ndiye munkangolakwitsa osadziwa.

Ndawakonza. Munati mukaphonyanso kamodzi seva ikutsekerani kunja, choncho valani magalasi, mulembe mofatsa. Pulogalamu ya pakompyuta yomwe mwawapangira eni sitolo ija muitumize isanakwane teni, monga munawalonjeza.

Pepani. Koma mayi wa ku kampani ya seva amene munamukalipira pafoni uja mumupepese nokha. Ndipo buledi muzidyera kukhitchini.

Ine mkazi wanu